Amayi Amene Ankalanda Tsache kwa Oyembekezera

Abale mumpingo, akuti ndilembe mbiri ya malemu Amayi Atsache, ine amene sukulu ndinangoinunkhiza. Dzinali ndinawapatsa ndine, monyoza, ndiye pepani.

Anabadwa achisanu m'banja la mlonda. Ali kamtsikana ankafika kutchalitchi belu lisanalire, n'kumapukuta mabenchi ndi mpango wawo. Atakwatiwa analowa ntchito yosesa pamalo pamene tinkaphwanya mabatire akale a galimoto kuti tichotsemo mtovu. Fumbi lake linali lotuwa, lokanirira m'zikhadabo. Tinkadyera momwemo, osasamba m'manja.

Anasesa fumbi limenelo mpaka mimba yawo itatopa. Mwana anabadwa wochepa ngati botolo, anachedwa kuyenda, kulankhula ndiye osanena. Adokotala anawauza kuti mtovu umadutsa m'magazi a mayi n'kukafika kwa mwana. Sanadandaule. Koma kuyambira pamenepo, akangoona mkazi akulavulalavula, ankamulanda tsache kapena nyundo n'kumutumiza kugeti kukalandira katundu, iwo n'kugwira ntchito ya anthu awiri. Ankati, "Mulungu akuumba m'katimo, tisamuthire fumbi m'maso."

Ine ndinkawaseka zaka zonsezo. Mwana wa mchimwene wanga, amene tinkaphwanya naye mabatire, ataima ndinamuuza kuti azimanga mimba ndi nsalu. Chifukwa chake n'chochititsa manyazi: sindinkafuna kutsala ndekha wopanda wojeda naye. Ndinati, "Iwe, ifenso tinaberekera m'fumbi momwemu. Ana athu ali ndi mitu iwiri?" Fodya wanganso ndinkamusutira kumaso. Anabisa miyezi inayi.

Tsiku lina Amayi Atsache anamupeza akusanza kuseri. Anabwera kwa ine, imvi zili mbuu ndi fumbi.

"Mwabwera ndi unyolo, bwana wapolisi?" ndinatero.

"Azakhali ake, mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

Sanandikalipire. Anangondilozera kugeti. Kumeneko kunali mwana wawo uja, munthu wamkulu wa zaka makumi atatu, atatambasula mwendo kudikira kuti amake amumangire zingwe za nsapato. Nthabwala zinandithera.

Amayi Atsache anatenga nyundo ya mtsikanayo mpaka atachira, ngakhale kuti msana wawo unali utatha kale. Anabadwa mwana wamkazi. Pano ali ndi zaka zitatu, amathamanga, koma mawu sanatulutsebe. Adokotala akuti tidikire.

Amayi Atsache atadwala ndinapita kukapepesa. Anandiyang'ana n'kumwetulira. "Mwachedwa ngati mmene mumachedwera kumapemphero. Kupepesa kwanuko pitani nako kwa mwana wa mtsikana uja. Muzimulankhulitsa, kulongolola kwanu kupeze ntchito."

Anamwalira patapita masiku awiri, masana, atatsamira pilo, nyimbo ili pakamwa. Pamaliro panadzaza amayi amene anawalandapo tsache, aliyense ndi mwana wake.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimakhala pakhonde ndi kamtsikanako. Ndimakatchulira mphaka, ndowa, mphuno, chilichonse chimene diso laona. Kamandiyang'ana pakamwa, n'kugwira milomo yanga ndi tizala take. Sikanayankhebe. Mutipempherere.