Zigamba za Chubu pa Mapazi a Bambo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, kwathu kwa Kanduku, pamene matekenya anatilowera m'nyumba. Inali nyengo ya fumbi, ndipo khola la mbuzi linali kuseri kwa chipupa chimene tinkagonako. Thekenya ndi kachilombo kochepa kwambiri. Kamaboola khungu pafupi ndi chikhadabo cha kuphazi, n'kukhazikika m'menemo mpaka kufufuma ngati njere ya mapira. Poyamba pamangoyabwa, kuyabwa kokoma kuja koti munthu umakhuza phazi pamwala uku ukumwetulira. Ululu umabwera pambuyo pake.

Pakhomo pathu wozula matekenya ndinali ine, chifukwa maso a amayi anali atayamba kuchita nkhungu. Anandiphunzitsa kuwotcha nsonga ya pini pamoto, n'kutsegula khungu mozungulira pang'onopang'ono kuti kathumba katuluke kathunthu. Kakatuluka kankasiya bowo lofiira. Ife ana tinkatsukapo ndi madzi amchere n'kumasewera pamphasa, ndipo masabata awiri asanathe pamakhala patauma.

Bambo anga ankawotcha makala kuphiri n'kumakagulitsa ku boma. Anthu a m'tauni amaganiza kuti njinga ya makala imapalasidwa. Pa zitunda za kwathu imakankhidwa, matumba atasanjikizana kupitirira mutu wa mwini wake, ndipo chogwira nthaka ndi zala za kumapazi. Chakudya chathu, sopo wathu ndi sukulu yanga zonse zinkachokera m'zala zimenezo.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, bambo anakhala pakhonde n'kunditambasulira mapazi. Anali atapirira nthawi yaitali osanena, poti munthu wamkulu kukhala ndi matekenya chinali chinthu chamanyazi. Ndinazula mpaka khosi linandiwawa. Nditamaliza, zala zawo zinali mabowo okhaokha, ndipo kuti aimirire anachita kugwira mzati.

M'mawa mwake kunali sikelo ya ana m'mudzi, ndipo amayi anapempha mlangizi wa zaumoyo kuti adzaone. Mayiyo anawerama, n'kupukusa mutu.

“Bwenzi mutabwera kuchipatala m'malo motokosa ndi pini. Basi, muzitsuka ndi sopo ndi madzi owiritsa, mabalawa azipitidwa mphepo. Musaponde fumbi kwa masabata awiri kapena atatu.”

“Masabata atatu, mayi?” anatero bambo. “Nanga njala ndiiuze kuti iyambe yadikira panja?”

Tonse tinaseka, ndi mlangizi yemwe, koma nkhokwe inali itayera kale. Makala anali atapsa mu uvuni kuphiri, ndipo makala osiyidwa kutchire sasowa mwini wake.

Madzulo kunabwera a Zuze, mnzawo wa bambo amene ankakankha nawo njinga. Anayang'ana mapazi aja n'kufunsa chimene mlangizi wanena. Atamva kuti vuto ndi fumbi, nkhope yawo inawala.

“Achimwene, chubu chikabooka mumagona pakhomo? Si mumamata? Mukamata apa fumbi lilowera pati?”

Kunena zoona, kwa ine zinamveka zanzeru. Anthuwa moyo wawo wonse unali womata zinthu zobooka panjira n'kupitiriza ulendo. A Zuze anatulutsa guluu womatira chubu, anadula tizigamba tozungulira pa chubu chakale, n'kupaka pa bala lililonse. Anauzira ndi pakamwa monga amachitira pokonza njinga, kenako n'kudinikiza ndi chala chachikulu. Bambo analuma mano, misozi ili lendelende. Fungo la guluu uja ndimalimvabe mpaka lero ndikadutsa pa okonza njinga.

“Bambo a Felesiya, phazi si tayala,” anatero amayi kwa bambo, ali chiimire pakhomo.

“Ndamva, mayi. Mawa mudzaphika chiyani?”

Amayi analowa m'nyumba.

Maulendo oyamba zinayenda. Bambo anabwera ndi usipa, mchere ndi kapaketi ka shuga, akudzitama kuti a Zuze aposa achipatala. Chigamba chikamatuka ankamata china pamwamba. Kenako anayamba kutsimphina, n'kumanamizira mwala. M'nyumba munayamba kununkha, ndipo amayi anafufuza kudenga poganiza kuti mwafera khoswe. Phazi lamanzere linatupa mpaka kunyezimira, thupi lonse lili moto. Tsiku limene amayi anaviika phazilo m'madzi ofunda kuti zigamba zichoke, zinachoka pamodzi ndi khungu. Mafinya amene anatsekeredwa m'kati anali atadya mnofu mpaka pansi. Ndinathawira kuseri kwa khola kukasanza, ndipo ndinalira chifukwa cha mantha.

A Zuze anawakweza pa njinga ya makala yomwe ija n'kuwakankha mpaka kuchipatala. Madokotala anayesetsa, koma zala zinali zitada kale. Anadula theka la phazi kuti apulumutse mwendo.

Munthu amene anakana kukhala pansi masabata atatu anakhala pakhonde mpaka mvula inagwa n'kutha. Bala la mpeni linachedwa kupola, poti thupi losadya bwino silifulumira. Njinga tinagulitsa. Mbuzi zinatsatira imodzi imodzi. Chaka chimenecho chimanga chathu chinali chachikasu m'munda chifukwa chosowa feteleza, ndipo amayi ankapita kukagwira ganyu m'minda ya anzawo. Ine Sitandade 7 sindinaione. Ananditumiza ku Blantyre kukalera mwana wa eni ake, ndili mwana ndekha. A Zuze sanapondenso pakhomo pathu, ndipo akationa panjira ankapatuka.

Bambo anakhala zaka zingapo akuyenda ndi ndodo, koma kuphiri sanakwerenso. Anali munthu wanthabwala, ndipo nthabwalazo zinatha. Ndikabwera kudzacheza ankandiyang'ana mwachidule n'kuyang'ana kumbali. Ndinawakwiyira kwa nthawi yaitali. Mumtima ndinkawatcha mbuli, munthu amene anasinthanitsa sukulu yanga ndi zigamba za chubu, ndipo anamwalira mkwiyo umenewo usanandithere.

Lero ndimagulitsa manachesi ndi tomato mumsika wa pa boma, ndipo ndili ndi ana anga atatu opanda bambo. Ndikadwala malungo ndimamwa mankhwala ndili pabenchi pomwepo, chifukwa tsiku limene sindinayale malonda kwathu sikuyaka moto. Apa m'pamene ndinawamvetsa. Bambo anga sanali mbuli. Malangizo aja anawamva bwinobwino, ndipo ndikhulupirira kuti ankadziwa kuti ndi oona. Bala la thekenya limapoladi msanga munthu akalisiya poyera n'kupumula, koma kupumula kumafuna nkhokwe yoti ikudyetse uli chikhalire, ndipo ife tinalibe.

M'mawa uliwonse anthu a makala amadutsa pafupi ndi benchi langa, thukuta lili kamukamu. Ena mapazi awo amakhala atakulungidwa ndi jumbo, atamangidwa ndi mphira. Ndimadziwa chimene chikuwola m'katimo, ndipo ndimadziwa choti ndiwauze. Tsiku lina ndinamuimitsa mmodzi, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, n'kumufotokozera zonse za bambo anga. Anandimvetsera mwaulemu, dzanja lili pa chishalo.

“Zoona, amayi,” anatero. “Ndikangotsitsa ulendo uno ndi winawo, ndipumula.”

Anakankha njinga yake n'kulowa mumsika.