Wokhoma Mapoto wa ku Mchesi

Inu amene mwatopa ndi kufunsira ntchito, tamvani za Overstone.

Miyezi isanu ndi inayi inatha ali kunja kwa dziko, mumzinda wa Perth, asanagwirepo ntchito ngakhale ya tsiku limodzi. Mkazi wake Tawina, namwino, ankalawirira kuchipatala ku Murdoch, iye n'kutsala kunyumba ku Girrawheen kuyang'ana makoma. Manyazi anamukwana, ndipo analumbira kuti Disembala akamupeza ali lova abwerera ku Lilongwe, kusiya mkazi ndi mwana wawo Rejoice. M'makalata ofunsira ntchito ankadzitcha bizinesimani. Zoti anakhoma mapoto ndi zidebe ku Mchesi zaka khumi ndi zisanu ankazibisa ngati nthenda.

Tsiku lina Tawina anamutuma kukasiya mapoto awiri otha kusitolo ina ya ziwiya, yomwe imalandira mapoto akale kuti akasungunulidwe. Atasuzumira m'bokosi loponyamo, mtima unamuwawa. Mapoto abwinobwino, ongogwedera chogwirira basi. Kwathu poto satayidwa: akabooka amamatidwa, akatheratu nkhuku zimamweramo. Bamboyo anatulutsa sikuludiraiva m'thumba, n'kukhala pansi m'sitolo ya eni, n'kuyamba kumanga zogwirira.

Bwana wa sitoloyo, Chitalu, mayi wa ku Lusaka, anamupeza atakonza anayi, akung'ung'udza m'Chichewa.

"Ba tate, muchita chani? Aya yayenda ku recycling, si yokonza!"

Overstone anapepesa, koma pakamwa sanatseke. Anawauza mayiwo kuti m'bokosimo asakaniza aluminiyamu ndi chitsulo, zomwe sizisungunulidwa pamodzi. Anagogoda poto aliyense ndi chala, n'kumatchula mtundu wake pongomva kulira kwake. Chitalu anaseka mpaka misozi, kenako anamulembera adiresi ya kampani ya ku Canning Vale yomwe imatenga mapotowo n'kuwasankhula.

Ulendo woyamba anamubweza pageti poti analibe mapepala. Wachiwiri, akuti bwana achokapo. Wachitatu, Novembala ali kumapeto, sanapemphenso ntchito. Anapempha bokosi limodzi lokha la mapoto kuti awasankhule.

Kapitawo anamupatsa pongofuna kuti munthu wamakaniyu achoke. Overstone anavula jekete. Go! uku. Ngwe! uko. Tiyi wa kapitawoyo asanazizire, milu itatu inali poyera, zogwirira zapulasitiki zili pazokha. Mkuluyo anaunika mapoto onse kufuna cholakwa, osachipeza. Anamufunsa kuti anaphunzira kukoleji iti, ndipo Overstone anayankha mosabisanso kuti pansi pa mtengo, ku Mchesi. Kapitawoyo anamuuza kuti ayambe Lolemba.

Ali pasiteji ya basi anaimbira mkazi wake.

"Amake Rejoice, sutikesi yanga muibwezere pamwamba pa wodilopu. Sindikupitanso."

Lero Overstone ndiye amaphunzitsa atsopano pakampanipo.

Abale anga, luso limene mukulibisa chifukwa cha manyazi mwina ndi lomwe wina akulisowa. Akakubwezani kawiri, pitaninso kachitatu. Mtima wokha musautaye.