Amayi andithamangitsira kabawi

Mwaswera bwanji nonse.

Ndabwera kudzacheza kumudzi, ndiye masana ano ndinali kudimba kwathu kudambo, foni ili m'manja, ndikuzemberera kabawi yemwe anatera pachitsa. Nditangoti ndijambule, ndinamva kumbuyo, "Kabawiii! Choka!" Anali amayi, uku akumenya chitini chothirira. Mbalame ija ulendo. Pachithunzi patuluka chitsa chokha.

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Amayi, nkhuku zanu zonse zinatha ndi chitopa. Mukuteteza chiyani?"

Anayang'ana kumwamba kanthawi, kenako akuti, "Chikwatiwire kuno ku Domasi m'ma 70, sindinaonepo kabawi n'kukhala chete. Pakamwa sipadziwa kuti m'khola mulibe kanthu."

Mawuwa sakundichoka mumtima. Khola lili gwaa, ifenso ana awo tinabalalikira m'matauni.

Mukuti bwanji abale, tiwagulire thadzi? Kapena anapiye amene akuwasowawo ndife?