Anawabweza Opanda Mankhwala

Achimwene anga ankasoka mayunifolomu pa fakitale ina ku Mobeni, kuno ku Joni, ndipo tinkakhala limodzi m'kachipinda ku Berea. Atatuluka mwanabele m'khosi ndi m'khwapa, wosapweteka koma wosaphwa, ndine ndinawakokera kuchipatala.

Anawatenga magazi kawiri. Dokotala, mayi wofatsa, anati ndi khansa ya m'magazi, ya mtundu woyenda pang'onopang'ono. Anati panopa sawapatsa mankhwala, azingobwera miyezi itatu iliyonse kudzayezetsa, mpaka matendawo atayamba kuvuta.

Musandiyese mbuli, Chingerezi ndimamva, ndipo mawu onsewo ndinawamva. Koma kwathu munthu akabwezedwa kuchipatala wopanda ngakhale panado, aliyense amadziwa tanthauzo lake: kafereni kunyumba. M'minibasi tinangoti duu, poti kulankhula Chichewa pagulu kuno n'kudziputira mavuto. Titangotseka chitseko, pakamwa panga panayamba. Ndinati atikana chifukwa ndife makwerekwere, akanakhala mwinidziko akanatuluka ndi jumbo yodzaza mapiritsi. Ndinalalata mpaka aneba kugogoda khoma.

Ife Asilamu maliro sagona. Achimwene atandimvetsera anati: "Ndikafera kuno mudzandiika tsiku lomwelo pakati pa anthu osawadziwa. Bola ndipite ndikadali ndi miyendo."

Anasiya ntchito. Ndinawalongedzera katundu, n'kuwakweza basi ya ku Mangochi, ndikudziona ngati mlongo wanzeru kwambiri. Kumudzi anthu anakhamukira kudzawazonda, ena akulira kale. Koma munthu osafa! Zaka zinayi zathunthu analima, ananenepa, mpaka anthu kumaseka kuti maliro a ku Joni aja akupalasa njinga.

Chaka chatha matendawo anadzuka. Thukuta, kuwonda, magazi kuchepa, kupuma movutikira akangoyenda kufika pamjigo. Ndinafukula khadi lawo lakale n'kubwerera kwa dokotala uja ndili wokonzeka kukangana. Iye anatsegula failo, nandifunsa kumene wodwala wake anasowera. Anati kuyamba mankhwala kale kuja sikukanathandiza chilichonse, nthawi imene ankadikira ndi ino, mankhwala alipo, ndibwere nawo sabata yomweyo. Eish, ndinachita manyazi mpaka kusowa poyang'ana.

Ndibwere nawo bwanji? Pasipoti yawo inatha, chilolezo cha ntchito chinafa kalekale, ndipo ulendo wa masiku atatu pa basi thupi limenelo silingaukwanitse. Zimandiwawa, ndipo ndilibe womukwiyira. Dziko lino latichita zambiri zoipa, koma pa ichi chokha silinalakwe, wolakwa ndine.

Lachisanu lililonse akachokera kumzikiti, pamene akwanitsa kupitako, amandiimbira foni. Zimene ananena dokotala sindinawauzebe. Amalankhula mopumira, n'kumaliza ndi kundithokoza kuti pa abale onse, ine ndekha ndinaona patali n'kuwabweza kwathu nthawi ikadalipo. Ine ndimangoyankha kuti zikomo, achimwene.