Buluku la Bambo pa Chingwe

Bambo anga sankayanika zovala panja. Kunyumba kwathu ku Croydon kuli kabwalo kuseri, chingwe chilipo, koma malaya ndi mabuluku awo ankaumira m'nyumba, pa rediyeta yotenthetsera m'nyumba ndi pamipando. Chipinda chawo chinkanunkha chinyezi chaka chonse. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma m'kamwa. Iwo ankangoti, "Zovala zanga uzisiye," ine n'kumati ndi liuma la ukalamba basi.

Chinanso chomwe sankachita ndi kufotokoza mmene tinachokera ku Malawi. Ndinkangodziwa kuti nthawi ya chipani chimodzi boma linkawasaka, ndipo ine ndi amayi tinatsogola ku Zambia ndili wamng'ono, iwo n'kutipeza patapita miyezi. Miyezi imeneyo anali kuti? Amayi anamwalira osandiuza. Bambo anali atakalamba, ndipo ndinkaopa kuti nawonso apita nayo kumanda nkhaniyo.

Lamlungu lina masana, titachokera kutchalitchi, ndinaika filimu ya ku South America, ya banja lobisala asilikali atalanda boma. Ndisaname, ndinaisankha dala. Bambo amakonda mpira ndi nyuzi, mafilimu amati ndi bodza la anthu okhuta. Anakhala pampando wawo atapinda manja, kudikira kuti atole zolakwa.

Sanachedwe kuzipeza. "Munthu wobisala n'kumavala nsapato m'nyumba? Tamva mmene akupondera." Kenako anadandaula kuti mwamunayo wanenepa kwambiri. Ine ndinkangoseka.

Ndiye mkazi wa mufilimuyo anatuluka ndi beseni n'kuyanika malaya a mwamuna wake pachingwe, pomwe anali atauza aneba onse kuti mwamunayo anathawira kunja kwa dziko.

"Tapanga pause," anatero bambo.

Ndinaimitsa.

"Wamupha mwamuna wake ameneyu."

Anayamba kulankhula maso ali pa malaya aja, osati pa ine. Anati anabisala ku Mchinji, m'nyumba ya mayi wina wamasiye wa mpingo wathu, amene anali ndi ana aakazi okhaokha. "Tsono m'nyumba yopanda mwamuna, buluku pachingwe likufuna chiyani? Achipani sankavutika n'kulowa m'nyumba. Ankangodutsa pamsewu n'kuyang'ana chingwe." Mayiyo ankawachapira zovala n'kuziyanika kunsi kwa bedi, dzinja lonse. Ankazivala zosauma, mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo ankatsokomolera m'pilo kuti asamveke. Tsiku lina atatopa nazo anamupempha kuti angoyanika panja, aphimbe ndi chitenje.

"Anati bwanji?" ndinafunsa.

"Anati, 'Ngati mukufuna kufa, kafereni kwina, ine ndili ndi ana.'" Bambo anaseka mpaka kupukuta misozi. Ine misozi yanga sinali ya kuseka. Ndinachita manyazi ndi zaka zonse zomwe ndinawakalipira chifukwa cha fungo, komabe mtima unakhala pansi, poti tsopano ndinadziwa komwe anali.

Filimu tinaimaliza. Mwamuna uja sanagwidwe, anawoloka malire ndi banja lake lonse. Bambo anapukusa mutu. "Amene analemba zimenezi sanabisalepo. Koma wayesetsa. Ilipo ina?" Kuyambira pamenepo timaonera imodzi Lamlungu lililonse, iwo akukonza zolakwa ngati mphunzitsi wochonga mayeso, ndipo pa cholakwa chilichonse amandiponyera kachidutswa kena ka nkhani yawo.

Loweruka lotsatira filimu yoyamba ija ndinabwera kuchokera kuntchito masana n'kupeza khomo la kuseri lili pululu. Pachingwe panali buluku limodzi lokha, lotuwa lija la kutchalitchi. Bambo anali atakhala pampando pafupi nalo, atavala jekete. Kunja kunali kukuwaza.

"Bambo, linyowatu. Ndianule?"

"Lisiye."

Neba wathu anali kukoka mabini ake a zinyalala kuseri kwa mpanda, osatembenuka n'komwe.

"Koma palibe amene akuliyang'ana," ndinatero.

"Eya," anayankha bambo. "N'zimene ndakhalira pano kuti ndione."