Mfuti Yoitanira Maliro

Atate anali mkamwini m'mudzi wa amayi, kummwera kwa Katete, kumene munthu ukasochera pofuna nkhuni umapezeka uli ku Mozambiki osadziwa. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma iwo anakalambira pomwepo. Munda unali wa amayi, ana tinali a kwa amayi, ngakhale mango amene anabzala ndi manja awo anthu ankawatchula a amayi. Chawochawo chinali mfuti basi.

Inali gogodela, ija yothira onga kukamwa n'kugogoda ndi chitsulo. Pambali pake panali chidindo cha chisoti chachifumu, chofufutika ndi zala za anthu. Atate ankati inapangidwira asilikali a kwa azungu agogo awo asanabadwe, ndipo inafika kuno pamapewa a ogula minyanga. Kaya zinali zoona, kaya. Chimene ndikudziwa n'chakuti inkandifika m'chibwano, inkalemera ngati munsi, ndipo inasiya kupha nyama ine ndisanathe msinkhu. Ntchito yake inali maliro. Munthu wamkulu akatsikira kulichete m'midzi yathu, achibale ankathamangira kwa atate pakamwa atatseka, pakuti mfuti ndiyo inkayamba, kulira kwa anthu pambuyo. Ikalira, amuna ankasiya makasu m'munda, akazi n'kutapa ufa, adzukulu okumba manda n'kuyamba kusonkhana. Tsiku limenelo mkamwini uja ankapatsidwa mpando.

Maso awo atachita khungu, alongo anga onse anali ku migodi. Ine ndinali pakhomo, banja litatha, mwamuna atanyamula bulangete lake n'kubwerera kwawo. Choncho mfuti inagwera ine, ngati mmene mbale zakuda zimagwera wotsala pakhomo.

Mwezi ukaoneka tinkaitsitsa kudenga. Ndinkawiritsa madzi, n'kuwathira m'mpaipi mwake mpaka atuluke oyera, poyamba ali akuda bii, onunkha ngati dzira lovunda. Kenako nsanza pachitsulo, kulowetsa, kutulutsa, atate atatchera khutu. Ankadziwa ndi kulira kwa nsanza ngati m'kati mwauma. Mafuta tinkapaka a makina osokera, amene ndinkakagula ku Katete kwa bambo wina wachisilamu, wobadwira ku Malawi. Tsiku lina anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Amai, mashini yanu imamwa mafuta maningi, koma diresi ni yamene iyi chaka na chaka. Musokela ndani?"

"Nisokela akufa," ndinatero. 

Azimayi a m'mudzi ankanong'ona kuti mfuti yogwidwa ndi mkazi imazizira, siilira. Atate atamva anati, "Auze abwere ndi amuna awo adzapukute." Palibe anabwera. Ine sindinkaikonda mfutiyo, sindinkadana nayonso. Inali ntchito, ngati kuzira nyumba.

Kuomba anandiphunzitsa kuchulu, kuseri kwa dimba. Onga wodzaza chikhatho chopinda, nsanza pamwamba, kugogoda mpaka chitsulo chidumphe chokha. Ya maliro siikidwa chipolopolo. Poyatsira tinkapala mitu ya machesi, n'kuiika pansi pa kanyundo kake. "Ikanikize paphewa ngati ukukana nayo," anatero, "ukaiopa idzakumenya." Ndinaiopa, inandimenyadi, ndinagona chagada m'udzu, phewa n'kutupa mlungu wathunthu. Atate anaseka mpaka kutsokomola. Atatha anafufuza dzanja langa n'kuligwira.

"Mayi, ndaombera anthu ambiri. Langa tsiku likadzafika, usadzandiike ngati nkhuku. Iyambe ndi iyi, anthu abwere."

Ndinavomera. Nthawi imeneyo panalibe chovuta kuvomera.

Kenako nkhondo ya ku Mozambiki inayamba kutayikira kwathu. Zigawenga zinkadumpha malire, kutenga ng'ombe, mchere, anthu. Tinkamva za ku Vubwi, kenako za midzi imene tinkaidziwa mayina a agalu ake. Nyumba iliyonse inali ndi kamtolo komangiratu pafupi ndi chitseko. Onga tinkagula kutsidya kwa malire, ndipo unasowa. Wotsala atate anausunga m'botolo kudenga, pamwamba pa moto, kuti usanyowe. Maliro anapitirira kuchitika, ochuluka kuposa kale, koma pakhomo pathu panasiya kufika wothamanga. Atate ankafunsa, "Kodi anthu asiya kufa?" Ine ndinkati kaya. Mfuti tinkaipukutabe mwezi ndi mwezi.

Anamwalira m'mawa, nthawi ya kukolola mtedza, dzuwa litangotuluka. Ndinali nditawabweretsera madzi osukusula. Ndinaima ndi beseni m'manja, ndikudikira kuti mtima uchite kanthu. Sunachite. Amayi anawatseka maso, n'kuwongola miyendo, akugwira kulira.

"Fulumira mwanawe, sinditha kugwira nthawi yaitali. Anati iyambe ndi iyo."

Anthu akhala akundifunsa ngati sindinaganize. Iyayi, sindinaganize. Manja anatsitsa mfuti, anathira onga, anagogoda, anapala machesi, ine ndikungowaonerera. Ndinatuluka pabwalo, ndinailozetsa kumwamba, n'kukoka.

Inalira bwino kwambiri, mapiri a kumalire n'kuyankha. Makutu anga anatseka, utsi unandiphimba kumaso, ndipo ndinawerama kuthiranso onga, pakuti atate sankaomba kamodzi munthu wamkulu. Sindinamve kalikonse. Nditaombanso ndi pamene amayi anamasula kulira kwawo, kokweza, kwa mkazi woferedwa.

Utsi utapita ndinaona msana wa mayi wina akulowa m'tchire, mwana kumbuyo, kamtolo pamutu. Wina anali kukoka mbuzi yokana kuyenda. Amva mfuti kawiri, amva mkazi akulira: anafunikiranso chiyani? Ndinakuwa kuti ndi maliro, ndi atate, bwererani, koma munthu wothawa akamva kukuwa kumbuyo amawonjezera liwiro. Posakhalitsa m'mudzi munatsala nkhuku.

Ndinatsamiritsa mfuti pakhoma n'kupita kukauza anthu ndi pakamwa. Mudzi woyandikana nawo ndinapeza zitseko zili pululu, phala likupserera pamoto. Ndinaliphula, sindikudziwa chifukwa chake. Mudzi wachiwiri chimodzimodzi. Mbiri inali itandipitirira kale. Pambuyo pake ndinamva kuti pofika ku Sinda, kumene mng'ono wanga anakwatiwa, inkati mudzi wathu watenthedwa ndipo tonse tatha. Iye anatilira ife tonse pamodzi, osayerekeza kubwera.

Ndinabwerera dzuwa lili pamutu. Amayi anali atasesa bwalo, atayala mphasa zonse za m'nyumba, ndi zina zimene anakatenga m'makonde a eni ake othawa. Pansi pa mango anaika mipando ya amuna. Tinakhala awiri pakhomo la nyumba, atate ali m'kati. Amayi ankayamba nyimbo, n'kufika poti ena alandire, n'kusiya. Ine misozi inakana. Ndinkangoona kuti mphasa ina yang'ambika m'mphepete, ndi kuti m'zikhadabo mwanga muli onga.

Chakumadzulo anatulukira amalume, mlongo wa amayi, akuyenda mozemba m'mbali mwa nkhokwe, nkhwangwa m'manja. Anayang'ana mphasa, anayang'ana mfuti pakhoma, n'kukhala pansi.

"Ndiwe waomba?"

"Ndine."

"Alamu?"

"Apita m'mawa."

Amalume anaika nkhwangwa pansi. Sanandikalipire, ndipo mwina kukanakhala bwino akanatero. Anati anthu ali kuphiri, ena afika kumsewu waukulu, ndipo ngakhale awauze zoona, lero palibe atsike, pakuti wina walumbira kuti waona zigawenga ndi maso ake. Anabwerera komweko kukayesa.

Adzukulu anatsika mawa lake, ochepa, akucheukacheuka. Manda anakumba osafika m'chiuno, mwaphuma, wina ataima pachulu kuyang'ana kumalire. Panalibe nyimbo panjira, panalibe wolankhula za moyo wa atate. Mmodzi wa iwo, amene pa maliro a atate ake panalira mfuti yomweyi, sanandipatse ngakhale moni. Mkazi wake anali atathyoka mwendo pothawa. Dothi litangokwana anatola makasu awo n'kumapita, chakudya chimene tinaphika osachikhudza.

Tinabwerera kunyumba atatu, ine, amayi ndi amalume. Mphasa zinali pomwe zinali, mbuzi itagona pa imodzi. Amayi anaima n'kuziyang'ana.

"Tisapinde msanga," anatero. "A kutali amachedwa."

Tinazisiya. Zinakhala pabwalo mpaka chiswe chinayamba kuzidya kunsi, ndipo ndinazipinda ndekha amayi ali kumunda.