Njinga Yoti Inali ndi Mwini

Ndinaganiza zochoka ku Mponela titangoika mng'ono wanga Yohane. Tonse tinali a kabaza. Iye anagula njinga yamoto kwa munthu wina wa ku Dowa, yotchipa. Mwezi usanathe inamuponya kunsi kwa lole. Pamaliro anthu ankanong'ona kuti wogulitsayo anagulitsa njinga pamodzi ndi tsoka lake.

Mkazi wanga Esnati anali kale ku London, akusamalira okalamba. Anandiitana. Tsiku lonyamuka amayi anandigwira dzanja.

"Iwe, usadzakwere njinga yoti inali ndi mwini. Wamva?"

Ndinati ndamva.

Ku Woolwich, dera la mu London, ntchito imene ndinapeza inali ya njinganso, kuperekera chakudya m'makomo. Panafunika njinga yangayanga. Kushopu mzungu anationetsa ziwiri, zofiira, zofanana. Ina yatsopano. Inayo amati pre-reg: shopu inailembetsa kale m'dzina lake, nambala ili nayo, koma sinayendepo pamsewu. Mtengo wake wotsika ndithu.

"Tengani iyi," anatero Esnati. "Renti ikutidikira. Mwini wake ndi shopu, si munthu."

Ndinagwada. Ndinayang'ana matayala, ndinasisita mpando. Palibe chimene ndinapeza. Koma ndinkaona Yohane atakutidwa chitenje m'mbali mwa msewu.

"M'shopu muli anthu," ndinatero. "Ndani akudziwa amene anakhalapo?"

"Inu, kuno kulibe zimenezo."

Ndinatenga yatsopano, pangongole. Esnati sanandilankhule mpaka kunyumba.

Mantha sanachoke. Mvula ya kumeneko sikata, msewu umaterera. Basi ikandidutsa ndinkagwira mpweya. Anzanga ankasimba za anyamata obisa nkhope amene amalanda njinga ndi mipeni. Kunyumba kunalibe womuuza. Esnati akulowa, ine ndikutuluka. Tinkangopatsana moni pakhomo.

Ngongole ija inkadya ndalama ya tikiti yobwerera kumudzi. Amayi akaimba foni, mafunso anali awiri basi.

"Njingayo ndi yatsopanodi?"

"Yatsopano, amayi."

"Nanga ubwera liti?"

Chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa.

Ndinabwerera ku Mponela nditamaliza ngongole, nditamva kuti miyendo ya amayi yatupa. Kunyumba ndinapeza kotseka. Aneba anati apita kuchipatala. Ndinakhala pakhonde.

Kenako ndinamva injini. Ndinaizindikira ndisanaione. Njinga ya Yohane, thanki yopindika mbali imodzi, chitsulo chakutsogolo chowotcherera. Msuweni wathu akuyendetsa. Amayi kumbuyo, atakhala cham'mbali, kumutu duku basi.

Ndinatsika pakhonde.

"Amayi, njinga imeneyi?"

Anatsika pang'onopang'ono, atagwira phewa la msuweni. Aonda. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akufufuza bala.

"Ina ili kuti? Kuchipatala ndiziyenda pa chiyani? Chiyambire chaka chatha ndikukwera yomweyi."

"Koma munanena kuti..."

"Ndinaletsa iwe. Ndiwe amene wanditsalira."

Ine ndinkaopa njinga ya m'shopu, pamene amayi ankakwera iyi pamsewu womwe uja.

Ndinati Lachisanu, pobwereranso kuchipatala, ndidzawatenga ndine. Kabaza ndimaidziwa kuposa msuweni. Ndinatambasula dzanja kuti ndiyese mabuleki.

Amayi anandimenya pamkono, mwamphamvu.

"Usaikhudze."